Thumba la Mpunga Lopuma Usiku

Poyamba Estere ankayesa ndi mphaka. Kunja kunali mdima wa ndiweyani, mphepo ya ku nyanja ya Chilwa ikulowa m'ming'alu ya chitseko ndi fungo lake lija la matope ndi matemba, achule a mu sikimu ya mpunga ya Likangala akukuwa ngati pali wawatuma. Koma pansi pa phokoso lonselo panali kena kake kakupuma kuchipinda kwa mwana wake Rozi. Osati kupuma kwa munthu ayi. Munthu amakoka mpweya n'kubweza. Ichi chinkangotulutsa basi, fuuuu, osabweza, ngati chinthu chopanda mapapo.

Anadzuka osayatsa tochi, n'kukankha chitseko cha chipindacho pang'onopang'ono. Rozi anali pamphasa, tulo tofa nato, kukamwa yasa. Kukhoma kunali matumba a mpunga osanjikizana kufika m'chifuwa mwa munthu, poti m'nyumba monsemo chipinda chokhala ndi loko chinali chokhacho. Ndiye thumba lapamwamba, lija lomangidwa mosalimba kukamwa, linkayaka. Kakuwala kabuluu kankatuluka m'timabowo ta thumbalo, kuzima, kuyakanso, kuzima, ngati diso la chinthu chomwe chikukuyang'ana koma sichikufuna udziwe.

Kenaka linalira. Tiii. Tiii. Ngati mwanapiye wopondedwa.

"Rozi! Iwe Rozi! Dzuka uone chinthu cha bambo akochi!"

Tsono m'thumbamo munali laputopu. Bambo ake a Rozi ndi Makisoni, mkamwini uja anathawa khasu n'kulowera ku Joni mwana akukwawa. Zaka zonsezi osatumiza ngakhale kasopo. Mwana wakula ndi msana wa mayi ake m'matope a mu sikimu, misundu ikuwaluma, walemba Fomu Folo, wasankhidwa kukoleji ya aphunzitsi, eee, mpomwe bambo wakumbuka kuti anabala! Basi watumiza kompyuta yakale, yokalikakalika m'mbali, kuti anthu aziti Makisoni amasamala. Amuna ena inu, manyazi munawasiya kuti?

Estere ankafuna kuibweza tsiku lomwelo, koma Rozi anaikumbatira ngati khanda. Ndipo Estere, ngakhale pakamwa pake pali ngati tsabola wa kambuzi, sakanalola chinthu cha mwana wake chibedwe kapena chiwole ndi chinyontho cha kunyanja. Kuno aliyense amadziwa kuti foni ikagwa m'madzi, ikwirire mumpunga, idzuka. Ndiye anati, ngati mpunga umadzutsa foni yakufa, ungalephere kusunga kompyuta yamoyo? Ndipo wakuba uti angapise dzanja m'thumba la mpunga kufuna kompyuta? Kuyambira apo, dzuwa likangolowa, laputopu inkalowa m'thumba.

Rozi anadzuka movutika, atagwira mutu ndi manja onse. Anaisolola, n'kuitsegula. Galasi lonse lakuda bii, pakona timalemba toyera tachizungu. Anadina apa, anadina apo, palibe. Chinthucho chinangopitiriza kupuma, kenaka chinazima chokha, phethe.

"Amayi, mwaiyatsa ndinu?"

"Ine? Ndiidziwa pomwe pali pakamwa pake ine? Funsa atate ako."

Rozi anaisiya pamphasa. Anathamangira pakhomo n'kusanza.

Kutacha, chinthu chija chomwe chinkadzuka chokha usiku chinakana kudzuka masana. Rozi anadina batani mpaka chala kuwawa. Analumikiza kusola ya padenga, zii. Ndiye ananyamukana ulendo wa ku Kachulu, mayi patsogolo, mwana pambuyo akudzikoka.

Pafupi ndi doko pali kashopu ka malata ka Imran, yemwe amabena nyimbo m'mamemore ndi kukonza mafoni a asodzi. Kamunthu kochepa thupi, kachipewa koyera pamutu, magalasi omangidwa ndi ulusi wa ukonde.

"Muli bwanji mayi? Nanga wodwala ndi uti, mwanayu kapena makinawa? Onse akuoneka ofooka."

"Za mwana wanga zisiyeni, Che Imran, inu si dokotala. Chinthuchi masana chikugona, usiku chikudzuka ngati mfiti. Chioneni."

Imran anachotsa batire, n'kukanikiza batani nthawi yaitali, ati kuti moto wotsalira uthe. Analumikiza chaja chake. Tiii, tiii. Anagwedeza mutu, n'kumasula kachitseko ka kunsi, n'kusolola kambale kobiriwira kotalika ngati chala.

"Aka ndi ramu, achemwali," anauza Rozi. "Kakada m'mano mwakemu, makina amalira chonchi. Sikuti ndi ufiti, akungodandaula."

Anakapukuta m'mano ndi labala ya pensulo, n'kukabwezera. Galasi linawala, koma linangoima pa timalemba tija.

"Tsopano apa akuti sakumupeza kapitawo. M'katimu mumakhala sisitimu, ndiye kapitawo wouza chilichonse chochita. Wanuyu wawonongeka, tiike wina. Ndiye musankhe. Ilipo Windo, ilipo Linakisi. Windo ndi yomwe mukaipeze kukoleji, aliyense amaidziwa, mukasochera ngakhale mnzanu wa bedi loyandikana akulozerani njira. Koma pa makina okalamba ngati awa iziyenda ngati ngolo m'matope. Linakisi ndi yopepuka, yaulere, sivutavuta. Kungoti kuno ku Kachulu woidziwa ndine ndekha."

"Ndiye ikani ija yosatibweretsanso kwa inu," anatero Estere. "Nkhope yanu ndaiona, yandikwana."

Imran anaseka mpaka magalasi kutsetsereka. "Windo ndiye. Wongoyamba kumene aziyenda njira yodutsa anthu."

Anakhala pamenepo tsiku lonse, kamzere kakuyenda pagalasi ngati nkhono. Ndipo taonani, mphepo ya padoko itamuwomba, Rozi anatsitsimuka. Anadya mandasi, anaseka ndi amayi ouma nsomba, pobwerera anali patsogolo ndi iye, laputopu pamutu ngati mtsuko.

Inagwira ntchito masiku owerengeka. Rozi ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuphunzira kulemba ndi zala ziwiri, ana a m'mudzi atamuunjirira. Koma m'mawa uliwonse ankadzuka mutu ukuphwanya, chifuwa chothina ngati wina wamukhalira, maso ofiira. Masana bwinobwino. M'mawa, yemweyo.

Ndiye thumba linayambanso kupuma.

Ulendo uno Estere anaima pakhomo la chipindacho nthawi yaitali, akumvetsera. Fuuuu. Kakuwala kabuluu kaja, kuyaka, kuzima. Ndipo anazindikira chinthu china chomwe chinamuimitsa tsitsi. M'nyumba monse munali tiphokoso ta masiku onse, nkhululu kuseri kwa mtsuko, makoswe kudenga, udzudzu kukhutu. Koma m'chipinda cha Rozi munalibe kanthu. Ngakhale udzudzu umodzi. Kunyanja kuno, chipinda chopanda udzudzu? Ali chiimire choncho, kena kake kanagwa kuchokera kudenga, phwa, pafupi ndi phazi lake. Anayatsa tochi. Nalimata, chagada, timiyendo tikunjenjemera. Pakona pomwe thadzi lake linkafungatira mazira, thadzilo linali litaweramitsa khosi pansi, lozizira kale, popanda bala, popanda nthenga yothothoka.

Anazimitsa tochi msanga, ngati chinthu cha m'thumbacho chingamuone.

M'mawa mwake anakatenga mng'ono wake Leah, wa nyumba yoyandikana, mayi wa ana atatu ang'onoang'ono. Leah anayang'ana nkhuku, anayang'ana thumba, n'kukokera mkulu wake kuseri kwa bafa.

"Achemwali," ananong'ona, "ku Joni kulibe chaulere. Munthu zaka zonsezi osatumiza ndi singano yomwe, lero kompyuta? Mwaiwala zija zinamveka chaka china, za anamapopa? Ankati amayenda ndi makina. Pano safunanso kubwera okha. Akuti amangotumiza chinthu, chizipopa usiku, magazi azipita pa netiweki."

"Pa netiweki?"

"Nanga ndalama siziyenda pafoni? Magazi angalephere? Muoneni mwanayo m'maso, mwayera. Alamu aja akukhwimira mwana wawo yemwe."

Estere analavulira malovu pansi. Galu ameneyo! Kumusiya ndi khanda sikunakwane, tsopano akufuna kudya chomwe sanalime!

Anamutengera Rozi kuchipatala. Anamubaya chala, malungo sanapezeke. Namwino wina, kamtsikana ka dzulodzuloli, anafunsa motsitsa mawu ngati mwina mwezi unamudumpha. Estere anaimirira, mpando kugwa.

"Mwana wanga? Mimba? Iwe, ine ndinalera mwana, sindinalere mbuzi ya m'msika! Ngati matenda akukukanika kuwaona unene, osati kundinyozera pagulu!"

Anabwerako ndi panado. Usiku umenewo kunali maliro kutsidya kwa mtsinje, ndipo onse awiri anakagona kusiwa, pabwalo, pamphepo. M'mawa Rozi anadzuka wopepuka, mutu uli mbee, mpaka anathandiza kutunga madzi. Kwa Estere umboni unakwana pamenepo. Mwana akagona kutali ndi chinthucho, amachira. Akagona nacho, chimamuyamwa. Pafunikanso sukulu apa?

"Chinthu chimenechi chichoke m'nyumba mwanga."

"Amayi, kukoleji akuti aliyense apite nayo. Mundigulira ina inu?"

"Ukaphunzitse ana uli m'manda?"

"Ndi makina chabe! Vuto lanu ndi loti anatumiza ndi ababa. Akanatumiza wina bwenzi mukuivinira."

"Ababa? Ababa ati? Amene anakusiya ukudya dothi? Ukanenanso ababa m'nyumba muno ndikuonetsa chomwe chinameta nkhanga mpala!"

Rozi ndi mwana wa mayi ake, naye mutu ndi mwala. Anazemba yekha kupita ndi laputopu ija kwa Imran. Anabwerako madzulo ndi nkhani yoti Imran anayesa kuidzutsa ndi Linakisi ya pa fulashi, osakhudza za m'kati, ndipo inayaka pang'ono n'kuzimanso. Ati ndiye kuti vuto si kapitawo, ndi thupi lenilenilo, abwere nayo tsiku lina adzaimasule yonse. Estere anangoti, "Ehe. Asintha akapitawo awiri, chikupopabe. Ndimanena ine." Ndipo usikuwo Rozi anaibisanso m'thumba muja, n'kugona chotsamira matumbawo kuti mayi ake asaitenge.

Estere sanasunge nkhaniyo m'mimba. Pamjigo anaima, ndowa ili pansi, manja m'chiuno, n'kuuza mudzi wonse. Mawu ake akamayenda ankabereka ana. Pofika madzulo zinkamveka kuti anamapopa amalowetsa kapaipi pazenera, amapopera mankhwala ofoola, kenaka n'kuyamba kukoka. Wina anati anaona kuwala kwabuluu kukuyenda pamwamba pa mabango. Wina anati anamva njinga yamoto itaima kusikimu osayatsa nyali. Ndipo Estere yemweyo, ndi pakamwa pake pomwepo, anawonjezera nzeru:

"Matani mazenera onse. Tsekani ming'alu ndi nsanza. Ndipo kukada, wina akagogoda, osatsegula. Anthu amenewa amabwereka mawu. Ungamve ngati ndi mayi ako akuitana, ngati ndi mbale wako, usayankhe. Zimitsa nyali, khala chete."

Mudzi unamvera. Tsiku lotsatira kunali kuponda dothi ngati akumanga tchalitchi. Mazenera anamatidwa, mipata ya pansi pa denga inatsekedwa ndi masaka, nyumba zonse zinasanduka mitsuko yovundikira.

Tsono inali nyengo yomwe mpunga womaliza umachoka padwale kulowa m'nyumba. Chaka chimenecho unabereka wosaneneka, ndipo aliyense ankadikira mitengo ikwere. Pakhomo lililonse matumba anali m'chipinda chogona, poti nkhokwe ya panja masiku ano ndi mphatso kwa akuba. Ndipo pakhomo lililonse amayi anali atagula kwa venda wina wa panjinga timibulu totuwa toteteza anankafumbwe, tija umakulunga pakansanza n'kukankhira m'kati mwa thumba. Alangizi a kusikimu anali ataletsa, ndiye aliyense ankaika mwakachetechete, osauza ndi ana omwe. Estere, wosafuna kuti kafumbwe alawe ngakhale njere imodzi ya thukuta lake, ankaika mowolowa manja. Tsiku limenelo analowetsa matumba atsopano kwa Rozi, n'kuikamo mibulu yatsopano, ya m'matumba akale n'kuwonjezeranso. Atatha anamata zenera la chipindacho ndi dothi, bwinobwino, mpaka kusalaza ndi chikhatho.

Masanawo Rozi sanathe kudzuka. Anali atasanza mpaka ndulu, milomo itauma, akupuma mwapamwamba. Estere anamuyang'ana, mtima unawira. Anapisa dzanja m'thumba, n'kusolola laputopu.

"Amayi... musakaitaye..."

"Gona. Ndikukaonetsa Che Imran."

Sananame kwenikweni. Ankafuna Imran aitsegule aone ndi maso ake pomwe imasunga magazi a mwana wake, kenaka akaiponye m'nyanja pakuya, Makisoni akaitole kumeneko. Koma ankamudziwa Rozi, akanakwawa kumutsatira. Komanso pakhomo panalibe wina womulondera. Ndiye anakoka chitseko, anatseka mpata wa pansi ndi chiguduli, anakhoma loko kunja, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje. Anati apa ndiye mwana wanga ali pabwino, ngakhale kapaipi kochepa bwanji sikalowa.

Anafika ku Kachulu dzuwa litapendeka, mabwato akubwerera, utsi wa owamba milamba uli tolo. Analowa m'kashopu muja osaodira, n'kuiponya patebulo, mafoni a anthu kudumpha.

"Tsegulani! Chonse! Osati kachitseko kaja munandipusitsa nako. Ndione pomwe chikusunga magazi a mwana wanga."

"Magazi? Mayi, khalani pansi kaye..."

"Ndikhale pansi ndine mlendo wanu? Mwaika kapitawo uyu, mwaika kapitawo uyo, mwana wanga akungotha ngati sopo. Kapena muli limodzi ndi Makisoni? Anakutumizirani chiyani, magalasi atsopano?"

Asodzi awiri omwe ankadikira mafoni awo anasuzumira pakhomo. Imran anaona kuti nkhani ya magazi ikatuluka panja, kashopu kake kagona kali phulusa. Anatenga sikuludalaiva n'kuyamba kumasula, kamodzikamodzi, timisomali akuika m'chivindikiro cha botolo. Atanyamula chivundikiro chonse cha kunsi, patebulo panagwa mankhusu ndi njere za mpunga, waaa.

Magazi munalibe. Koma Imran anasiya kumwetulira. Anayandikitsa nyali. Tinjira tonse ta mkuwa, tija timawala ngati golide, tinali titada bii, pena pobiriwira ngati ndere. Ngakhale mano a ramu aja anapukuta ndi manja ake anali atadanso. Anakanda ndi chikhadabo pansi pa batani loyatsira, panatuluka unga wakuda.

"Ndi ichi chimadziyatsira chokha," anatero motsitsa, ngati akudziyankhula. "Batani ladyeka. Chinyontho cha usiku chikalowa, limagundana lokha. Masana kukauma, silimvanso chala." Anaweramira pafupi, n'kununkhiza. Anabweza mutu msanga. "Fungo ili..."

"Mukukhala padoko, mukudabwa fungo la nsomba?"

"Nsomba ndimaidziwa, mayi, ndinabadwira momwemo. Iyi si nsomba. Ili ngati nsomba yowola yosakaniza ndi adyo. Chinthuchi mumachisunga kuti?"

"Mumpunga. Nanga si inu nomwe okonza mafoni mumati mpunga umachotsa chinyontho?"

"M'mpungamo munaika chiyani?"

Estere anacheukira asodzi aja pakhomo.

"Mayi, ine si mlangizi, sindikukutengerani kulikonse. Munaikamo mibulu ija yotuwa? Ija imasanduka phulusa?"

"Ndi mpunga wanga. Ndiusiye udyedwe ndi kafumbwe?"

Imran anavula magalasi. Popanda magalasiwo nkhope yake inaoneka ya munthu wina.

"Chaka chatha wogula mpunga wina anandibweretsera wailesi ya m'nyumba yake yosungira matumba. M'kati munali chonchi. Mibulu imeneyo sikuti kafumbwe amaidya ayi. Imatulutsa mpweya. Mpweyawo ndi umene umapha, kafumbwe, khoswe, chilichonse chopuma. Umadya ndi mkuwa womwe. Oidziwa amaika m'nyumba yopanda munthu, n'kuthawa masiku angapo. Ndiye ngati wadya chitsulo chonchi..." Anamuyang'ana Estere m'maso. "M'chipinda muli matumbawo, simugona munthu eti?"

Kunja, kumzikiti anayamba kuitana swala ya madzulo. Mawuwo ankayenda pamwamba pa madzi, atali, osathamanga. Estere sanawamve. Dzanja lake linali litatsika lokha n'kugwira pansonga ya chitenje, pomwe panali kakiyi kolimba, kozizira.

"Mayi? Achemwali aja ali kuti?"

"Ndamata zenera," anatero Estere. Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono, osakhala ake. "Ndaika yatsopano lero. Ndamukhomera."

Imran sanatseke ndi shopu yomwe. Anakankha asodzi aja, analiza njinga yake yamoto, Estere n'kudumphira kumbuyo chitenje chili m'mwamba, wosasamala woona.

Njira ya kusikimu ndi ya mabampu, ndipo mdima unawapeza pakati. Kanyali ka njingayo kankangoonetsa fumbi ndi tizilombo touluka. Estere sanapemphere, ankatukwana. Anatukwana venda, anatukwana kafumbwe, anatukwana Makisoni poti pakamwa panazolowera, koma dzina lomwe linkayenera kutukwanidwa, la iye mwini, linamukakamira pakhosi ngati munga wa mlamba. Atalowa m'mudzi, munalibe ngakhale nyali imodzi yooneka. Nyumba zonse zomatidwa, zakuda, zachete, ngati manda atsopano. Phokoso la njinga litamveka, ngakhale kamwana komwe kankalira penapake kanatsekedwa pakamwa.

Poyamba kiyi inakana kulowa. Itatseguka loko, chitseko chinakana, ngati kumbuyo kuli thumba. Anakankha ndi phewa. Fungo lija linawamenya kumaso, lomwe ankalimva masiku onsewa n'kumati ndi nyanja.

Sichinali thumba. Anali Rozi. Anali atakwawa kuchoka pamphasa, atakankha chiguduli chija ndi zala, n'kugona chafufumimba, mphuno ili pa kampata ka pansi pa chitseko. Zikhadabo zake zinali zodzaza dothi.

Anamukokera pabwalo. Thupi lofewa ngati nsanza yonyowa, manja ozizira. Estere anaika khutu pachifuwa. Achule aja ankakuwa, osamupatsa mpata womva.

"Khalani chete, agalu inu!" anakalipira achulewo.

Kansi kwenikweni, kutali, kanthu kankagunda.

"Ali moyo," anatero Imran. "Kwerani, mumugwire pakati. Tithamange."

Anamukweza. Estere anali ataponya kale mwendo pamene maso ake anagwera pa nyumba ya Leah. Zenera lomatidwa, losalazidwa bwino, poti amene anakamuthandiza kumata ndi iyeyo. M'katimo matumba, mibulu ya venda yemweyo, ndi tiana titatu togona motsamira mpunga.

Anatsika, n'kuthamangira pachitseko.

"Leah! Leah, tsegula! Tulutsa ana! Ndi mibulu ija, ikupha! Tsegula!"

Pampata wa chitseko pankaoneka kakuwala ka koloboyi. Kanazima.

"Leah, ndine Estere! Ndine mkulu wako, chitsiru iwe!"

Zii. Kenaka kunong'ona, kwapansipansi, mayi kuuza ana: "Shhh. Si iwo. Abwereka mawu."

Anamenya chitseko ndi zibakera mpaka khungu kusupuka. Anathamangira nyumba ina, anaitana mwini wake ndi dzina, ndi la bambo ake lomwe. Zii. Ina. Zii. Mudzi wonse unali maso, ankawamva akupuma kuseri kwa zitseko, akumvera malangizo ake bwinobwino, mmene sanamumverepo chibadwire.

"Mayi!" Imran anaitana. Anali atagwira Rozi ndi dzanja limodzi kumbuyo. "Mwanayu akuzizira! Ndiponso ine akandipeza muno ndi njinga usiku uno, sindiona mawa. Tiyeni!"

Estere anaima pakati pa bwalo, akupuma ngati ng'ombe. Anayang'ana mwana wake, mutu uli lende paphewa la mlendo. Anayang'ana zitseko. Choona wanena, palibe watsegula. Anthu ake ankawadziwa.

"Lizani njinga, Che Imran. Muyang'anitse kumsewu. Ndikakwera musacheuke."

Anatola munsi pamtondo wa Leah, n'kuumenyetsa pazenera lomata lija. Dothi linagumuka, bowo n'kutseguka. M'katimo ana analira. Ndiye anakoka mpweya wonse wa m'chifuwa, n'kukuwa ndi mawu aja amamveka mpaka kutsidya kwa Likangala:

"Ndawagwiraaa! Anamapopa! Ali kuseri kwa mjigo! Tulukani nonse! Tulutsani ana, alowetsa kale mankhwala m'nyumba! Tulukaniii!"

Chitseko choyamba chinatseguka ndi chiphokoso. Chachiwiri. Mluzu unalira. Amuna ndi zikwanje, amayi akukoka ana m'manja, ena kumsana, ena akusanza pakhomo pomwepo. Leah anatuluka ndi kamwana kakang'ono kali lende m'manja, enawo atagwira chitenje. Matochi anayamba kuyaka uku ndi uku, ndipo imodzi inapeza njinga.

"Uyo! Wanjingayo!"

Estere anadumphira kumbuyo, n'kumupana Rozi pakati pa chifuwa chake ndi msana wa Imran. Njinga inalumpha. Mwala unadutsa pafupi ndi khutu, wina unamupeza pamsana, du, koma sanaumve. Kumbuyo mudzi wonse unali panja, pamphepo, ukuthamangitsa mdima ndi zikwanje, zitseko zili pululu.

Anadutsa milambala ya sikimu, phokoso likutsalira. Dzanja la Estere linali pansi pa bulauzi ya mwana wake, pamtima, likufunafuna. Kanthu kaja kankagunda, n'kusowa, n'kugundanso. Pabampu lina lalikulu thupi lija linagwedezeka, n'kutsokomola, n'kumusanzira mayi ake pamkono, zotentha.

"Amayi..." Mawu ngati a udzudzu. "Mukundifinya."

"Ndikufinya, inde. Ukandisumire kwa atate ako." Misozi inkalowa m'kamwa, iye n'kumailavula. "Tseka pakamwa, Rozi. Puma. Ndati puma, mwana wosamva iwe!"